Saikoloje ya ku koleji imayesedwa m'kalasi la ku Mitundu ndi Nathenje

Chaka chilichonse makoleji osula aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale amatumiza ophunzira awo kukayesera ntchito, ndipo ambiri amapita m'sukulu za kumidzi. Pomwe akunyamuka amakhala atamva kale za Jean Piaget, Lev Vygotsky, B.F. Skinner ndi Abraham Maslow, akatswiri a saikoloje amene anafufuza momwe mwana amakulira, momwe amaganizira komanso chomwe chimamupatsa chidwi chofuna kuphunzira. Mayina amenewa amabwera pa mayeso ndipo ophunzira ambiri amakhoza. Koma funso lomwe Unduna wa Zamaphunziro, makoleji ndi makolo ayenera kudzifunsa n'lakuti, kodi pa nzeru zonsezi zimatsala zingati mphunzitsi wachinyamatayo akaima kutsogolo kwa ana a Sitandade 1 oposa 100 pa sukulu ya kufupi ndi msika wa Mitundu kapena ya m'mbali mwa msewu wa M1 ku Nathenje?

Yankho lake likukhudza banja lililonse lomwe lili ndi mwana ku pulayimale. Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020, yemwe ofesi ya National Statistical Office inachita mothandizidwa ndi Unicef, anapeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha ndiwo anali ndi luso loyambira la kuwerenga, ndipo pafupifupi 13 okha ndiwo anali ndi luso loyambira la masamu. Ana ambiri akupita kusukulu, koma ochuluka akubwerako opanda chomwe anapitira. Tazolowera kuloza chala kuchepa kwa makalasi, mabuku ndi madesiki, ndipo n'zoona kuti zinthuzi n'zosakwanira. Chomwe sitikambirana mokwanira ndi zomwe zili m'mutu mwa mphunzitsi akamayang'ana mwana amene wakanika kuwerenga: akuona mwana wouma mutu, kapena akuona mwana amene wasochera penapake ndipo n'kotheka kumubweza?

Mmene tinafikira pano

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Boma linalemba ntchito aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji, amene anangophunzitsidwa kwa masabata ochepa n'kupatsidwa choko. Ndondomeko ya MIITEP, yomwe inayamba mu 1997, inabwera kudzawaphunzitsa ali kale pa ntchito. Mu 2005 inalowedwa m'malo ndi IPTE, ya chaka chimodzi ku koleji ndi chaka chimodzi kusukulu. Mu 2017 bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi linakonzanso silabasi ya IPTE kotero kuti wophunzira amakhala materemu awiri ku koleji, materemu awiri kusukulu yoyeserera, kenaka n'kubwerera ku koleji materemu awiri otsiriza.

Kusinthaku kunali ndi nzeru yake. Wophunzira akabwerera ku koleji amakhala ataona ana enieni, atalephera ndi kupambana, choncho zomwe akumva m'phunziro la Education Foundation Studies, momwe muli saikoloje, zimakhala ndi pogwera. Silabasiyi ikufuna mphunzitsi wotha kulingalira za kaphunzitsidwe kake ndi kulandira ana osiyanasiyana monga momwe alili. Izi zikutanthauza kuti materemu awiri apakatiwa ndiwo msana wa maphunziro onse. Akayenda bwino, saikoloje imasanduka chizolowezi cha ntchito. Akasokonekera, imatsala m'kope la manotsi mpaka tsiku la mayeso a Maneb.

Zomwe akatswiriwa akumuuza mphunzitsi

Piaget, wa ku Switzerland, anaphunzitsa kuti mwana wa zaka pafupifupi 7 mpaka 11 amaganiza bwino akamagwiritsa ntchito zinthu zooneka ndi zogwirika. Mphunzitsi amene wamvetsa zimenezi sayamba kuchotsera polemba manambala pa bolodi. Amayamba ndi timiyala, zitsekerero za mabotolo kapena timitolo ta timitengo khumikhumi, zomwe aphunzitsi m'dziko muno amazitcha TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pomwepo. Ku Mitundu ndi Nathenje, komwe mwana amakula akuona mtedza, soya ndi chimanga zikuyezedwa pa msika, zipangizo zotere sizisowa.

Vygotsky, wa ku Russia, anaona kuti pali zomwe mwana angachite payekha, ndipo pali zina zomwe angachite akathandizidwa ndi wodziwa kuposa iye. Kuphunzira kumachitika pakati pa ziwirizi. Ndondomeko ya kuwerenga ya National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016 mothandizidwa ndi USAID, imatsata njira yogwirizana ndi ganizoli: mphunzitsi amayamba kuchita yekha, kenaka amachitira limodzi ndi ana, pomaliza ana amachita okha. Mphunzitsi wosadziwa chifukwa cha masitepe atatuwa amawawerenga m'buku ngati pemphero, ndipo nthawi ikachepa amadumpha lachitatu, lomwe ndi lofunika kuposa onse chifukwa ndi pomwe zimadziwika ngati mwana wamva.

Skinner anaonetsa kuti khalidwe lomwe layamikiridwa limabwerezedwa, ndipo anachenjeza kuti chilango chimangobisa khalidwe loipa kwa kanthawi osaphunzitsa labwino. Albert Bandura, mu kafukufuku wake wa 1961 ku Stanford, anapeza kuti ana amene aona wamkulu akumenya chidole amachimenyanso. Mphunzitsi wogwira ndodo amaphunzitsa maphunziro awiri nthawi imodzi, la pa bolodi ndi lakuti wamphamvu amathetsa nkhani pomenya. Malamulo a unduna amaletsa kukwapula ana, koma lamulo palokha silimuuza mphunzitsi chochita ana 100 akayamba phokoso. Amene angamuuze ndi saikoloje: kuyala malamulo a m'kalasi pamodzi ndi ana, kuwapatsa maudindo, kusintha ntchito ana asanatope, kuyamikira poyera ndi kudzudzula pambali.

Maslow mu 1943 analemba kuti munthu amayamba wafuna chakudya ndi chitetezo asanalakelake zapamwamba. Teremu yachiwiri ya sukulu zathu imayamba mu Januwale, nkhokwe zambiri zitapepuka ndipo chimanga chikadali m'munda. Mwana amene akuodzera nthawi ya 10 koloko m'mwezi wa Febuluwale kawirikawiri sanadye kanthu m'mawa. Mabungwe monga Mary's Meals, lomwe linayambira ntchito yake m'Malawi mu 2002, amapereka phala pa chifukwa chomwechi. Mphunzitsi alibe mphamvu yodzaza nkhokwe, koma ali ndi mphamvu yoika phunziro lovuta m'mamawa ndi yosamunyoza mwana wanjala pamaso pa anzake.

Zonsezi n'zothandiza, ndipo palibe chimodzi chomwe chikufuna ndalama zambiri. Nanga zimatayika bwanji?

Zaka 12 zoonerera

Katswiri wa ku America, Dan Lortie, analemba mu 1975 kuti uphunzitsi ndi ntchito yachilendo chifukwa aliyense woiyamba amakhala ataionerera kwa zaka zambiri ali pa benchi. Kuno kwathu, wolowa ku Lilongwe TTC amakhala atatha zaka 8 ku pulayimale ndi zaka 4 ku sekondale akuona aphunzitsi ake. Ambiri mwa achinyamata amenewa anaphunzira m'makalasi odzaza a pambuyo pa 1994, momwe njira yodziwika inali yakuti mphunzitsi anene ndipo kalasi lonse libwereze. Koleji ili ndi materemu anayi okha oti ifafanize kapena kukonza chithunzi cha zaka 12. Zinthu zikathina m'kalasi, munthu amathawira ku zomwe anakula nazo.

Ndipo zimathinadi. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'makalasi oyambirira a sukulu zambiri za kumidzi chiwerengerochi chimapyoledwa kutali. Phunziro la mphindi 30 likagawidwa kwa ana 100, mwana aliyense amapeza masekondi 18, ndipo apo n'kuti mphunzitsi asanayankhule kanthu. Silabasi ya PCAR, yomwe inayamba kulowa m'sukulu mu 2007, imafuna kuti mwana akhale pakati pa phunziro ndipo aziyesedwa mosalekeza. Wophunzira wa ku koleji akayesa kuika ana m'magulu monga anaphunzirira, amapeza kuti malo otembenukira palibe ndipo buku limodzi likulimbiranidwa ndi ana angapo. Akalephera kawiri kapena katatu, amayamba kukhulupirira kuti za ku koleji n'za ku koleji.

Apa ndi pomwe mphunzitsi womulangiza pa sukulupo amakhala ndi mphamvu kuposa Piaget ndi Vygotsky pamodzi. Ngati mlangiziyo ali ndi luso, amamuonetsa momwe angachitire magulu a ana awiriawiri popanda kusuntha munthu, momwe angagwiritsire ntchito masileti kuti aone mayankho a kalasi lonse nthawi imodzi, ndi momwe angadziwire mayina a ana okhala kumbuyo. Ngati mlangiziyo ndi wotopa, wosaphunzitsidwa za ulangizi, ndipo ali ndi kalasi lake lomwe likumudikira, amamusiyira kalasi n'kuchoka, kapena amamuuza kuti kuno timachita chonchi. Pa sukulu yosowa aphunzitsi, wophunzira wa ku koleji amasanduka wodzaza mpata, ndipo palibe amene amakhala pansi kuonerera phunziro lake kufikira tsiku lomwe mphunzitsi wa ku koleji abwera kudzapereka malikisi. Tsiku limenelo amakonza phunziro lokongola la magulu ndi matchati, ndipo mawa lake zonse zimabwerera mwakale. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tisafulumire kunyoza kubwereza kwa kalasi lonse. Saikoloje yomweyo imavomereza kuti kubwereza kumathandiza kukumbukira, makamaka kukachitika pang'onopang'ono kwa masiku angapo, monga Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsera mu 1885. Vuto la kuyankha kwa chigulu n'lakuti kumabisa mwana amene akungoyendetsa milomo. Mphunzitsi wodziwa ntchito amalola kalasi kubwereza, kenaka amaloza ana asanu kapena asanu ndi mmodzi osiyanasiyana tsiku lililonse kuti awerenge okha. Pakutha pa mwezi amakhala atamva mawu a mwana aliyense. Makoleji akamaphunzitsa ngati kuti njira zilipo ziwiri zokha, yakale yoipa ndi yatsopano yabwino, amamusiya wophunzira wopanda mlatho pakati pake.

Mwana wake ndi uti?

Pali vuto lina lomwe lili m'mabuku enieniwo. Piaget anafufuza ana a ku Geneva, Skinner ndi Bandura anagwira ntchito ku America. Zambiri zomwe anapeza n'zoona kwa ana onse, koma mwana wa ku Nathenje amabwera kusukulu ndi maluso omwe mayeso a pepala ndi pensulo sawaona. Katswiri wa saikoloje Robert Serpell, amene anadzakhala mkulu wa University of Zambia, anasonyeza zimenezi mu 1979. Anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England ntchito yotsanzira zithunzi pogwiritsa ntchito waya, dongo, komanso pepala ndi pensulo. Ana a ku Zambia anapambana pa waya, ana a ku England anapambana pojambula pa pepala, ndipo pa dongo magulu awiriwa anafanana. Chomwe chinasiyanitsa anawa chinali chipangizo chomwe anachizolowera. Mnyamata amene amapanga galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero akudziwa kale za kuyeza, kufananiza ndi kulinganiza, ngakhale akanike kugwira pensulo sabata yoyamba.

Serpell yemweyo anachita kafukufuku wa zaka zambiri pakati pa Achewa a m'boma la Katete kuchigawo cha kum'mawa kwa Zambia, akufunsa akuluakulu a m'midzi kuti mwana wanzeru ndi wotani. Anapeza kuti kwa iwo nzeru zili ndi mbali ziwiri: kuchenjera, komanso kutumikira ndi kukhulupirika. Mwana wochenjera koma wosatumika sankawerengedwa kuti ndi wanzeru zenizeni. Makolo a ku Mitundu angavomereze zimenezi popanda kuwerenga buku lililonse. Sukulu yathu imapereka mphotho pa mbali yoyamba yokha, ndipo imayika ana pa mndandanda kuyambira nambala wani mpaka wotsiriza. Koma m'kalasi la ana 100, mbali yachiwiriyo ndi chuma. Mtsikana amene amalera mng'ono wake kunyumba amadziwa kale kuphunzitsa wamng'ono moleza mtima. Mphunzitsi akamupatsa udindo wothandiza anzake awiri kuwerenga maphatikizo, akuchita zomwe Vygotsky ananena, m'njira yomwe mudzi ukuidziwa kale.

Chimodzimodzinso nkhani ya chiyankhulo. Mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo chawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ngakhale kuti m'makalasi oyambirira Chichewa chikugwirabe ntchito. Madera a kum'mwera kwa Lilongwe ali ndi mwayi womwe ana a ku Chitipa kapena Nsanje alibe, chifukwa chiyankhulo cha pakhomo ndi chomwecho cha m'buku la Chichewa. Komabe pofika Sitandade 5 maphunziro ambiri amatembenukira ku Chingerezi, ndipo mwana amene ankayankha bwino amayamba kukhala chete. Mphunzitsi wosadziwa mgwirizano wa chiyankhulo ndi kuganiza amati mwanayo wayamba ulesi. Wodziwa amafotokoza mfundo m'Chichewa, n'kuonetsetsa kuti yamveka, kenaka n'kuiveka mawu a Chingerezi.

Dzina lomwe mphunzitsi amamupatsa mwana limakhala ndi zotsatira. Mu 1968 Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa zomwe anapeza pa sukulu ina ku California, komwe anauza aphunzitsi kuti ana ena, osankhidwa mwachisawawa, atsala pang'ono kuchita bwino kwambiri. Anawo anachitadi bwino, makamaka a m'makalasi oyambirira. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti mphamvu ya chiyembekezo cha mphunzitsi ndi yocheperapo kusiyana ndi momwe awiriwa ananenera, koma ilipo ndithu. M'dziko momwe kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi okwinimbira, ndipo momwe ana ambiri osamva kapena osaona bwino safika kwa katswiri, m'kalasi lililonse muli ana amene akuchedwa pa zifukwa zomwe si zawo. Koleji ya Montfort ku Nguludi imasula aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, koma sangakwane sukulu iliyonse. Woyamba kuzindikira kuti mwana uyu akufunika kukhala kutsogolo chifukwa sakumva bwino ndi mphunzitsi wamba wa Sitandade 1. Akamutcha mbuli, mwanayo amabwereza kalasi kawiri, ndipo pofika zaka 12 ganyu wa m'minda ya fodya kapena njinga ya kabaza zimakhala zomukopa kuposa sukulu.

Pofunika kukonza

Choyamba, unduna uyenera kuona mphunzitsi wolangiza ngati gawo la koleji. Asankhidwe chifukwa cha luso lake m'kalasi, aphunzitsidwe za ulangizi, apepukitsidwe ntchito kuti athe kuonerera maphunziro a wophunzira wake sabata iliyonse, ndipo ntchitoyi iziwerengedwa pokweza anthu pa udindo. Malo ochitira zimenezi alipo kale, chifukwa zoni iliyonse ili ndi TDC ndi mlangizi wa maphunziro a pulayimale. Bungwe la Teachers Council of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, lingathe kuika ulangizi pa zinthu zomwe limaziwerengera mphunzitsi.

Chachiwiri, makoleji aziyesa saikoloje pa mwana weniweni. M'malo mongofunsa magawo anayi a Piaget, wophunzira azibwera kuchokera kusukulu yoyeserera ndi mbiri ya ana atatu amene anali kumbuyo, popanda kutchula mayina awo: anawapeza akudziwa chiyani, anaganiza kuti vuto linali pati, anayesa chiyani, ndipo chinasintha n'chiyani. Materemu awiri otsiriza akhale okambirana mbiri zoterezi. Aphunzitsi a ku koleji nawonso aziphunzitsako kalasi la ana 100 ophunzira awo akuonerera, kuti njira zomwe amalalikira ziyesedwe poyera.

Chachitatu, tiphunzire kwa anansi athu. Kuyambira mu 2016 dziko la Zambia lakhala likuyendetsa ndondomeko ya Catch Up, yomwe inayesedwa koyamba m'zigawo za kum'mawa ndi kum'mwera, potengera njira ya bungwe la Pratham la ku India. Mphunzitsi amayesa mwana aliyense mwachidule, n'kuika ana m'magulu motsata zomwe akutha kuchita, mosayang'ana kalasi lomwe ali. Amene sadziwa malembo amayambira pa malembo, amene akuwerenga mawu amapita ku ziganizo. Imeneyi ndi saikoloje yosavuta kuiona ndi maso, ndipo ikugwira ntchito kwa ana oyankhula Chinyanja a ku Chipata ndi Katete, amene moyo wawo sukusiyana kwenikweni ndi wa ana a ku Mitundu.

Chachinayi, boma lisamachedwe kulemba ntchito omaliza maphunziro. Magulu angapo a IPTE akhala akudikira zaka asanaitanidwe, ena n'kulembedwa ngati aphunzitsi othandizira. Luso lomwe silikugwiritsidwa ntchito limazilala, ndipo munthu amene watha zaka zitatu akugulitsa malonda pa msika amabwerera m'kalasi atatsala ndi chithunzi chakale chija cha zaka 12.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu 2021, amadalira anthu ophunzira ndi aluso. Ndondomeko ya BEFIT yayamba kubweretsa matabuleti m'makalasi oyambirira, ndipo zipinda zatsopano zikumangidwa m'maboma ambiri. Izi n'zoyamikika, koma thandizo la kunja limatha, monga taonera USAID itatsekedwa mu 2025. Chotsala pa sukulu ndi mphunzitsi ndi momwe amamuonera mwana. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo mawuwa timawanena poganiza za ana. Akukhudzanso mphunzitsi wa zaka 22 amene akugwira choko koyamba. Zomwe adzazolowere m'materemu awiri oyeserera ndi zomwe adzachite kwa zaka 30 kapena kuposerapo, pamaso pa ana zikwi zingapo. Ngati unduna ukufuna kudziwa momwe kalasi la ku Nathenje lidzakhalire mu 2040, upite ukaone amene akumulangiza wophunzirayo teremu ino, ndiponso ngati ali ndi nthawi yokhala naye pansi phunziro likatha.